Kulemba za David Gulpilil: momwe ntchito ikuyendera

3 Febuluwale 2024

Ndayamba lero. Ndikufuna kulemba nkhani imodzi yaitali m'Chichewa, ya mawu pafupifupi 8,000, yonena za David Gulpilil, wosewera mafilimu wa mtundu wa Yolngu, umodzi mwa mitundu ya Aaborijini, eni nthaka a ku Australia, ndi momwe olemba ndemanga za mafilimu akhala akumuonera kuyambira 1971 mpaka imfa yake mu 2021.

Maganizo anga oyamba anali olemba mbiri yonse ya mafilimu a ku Australia, kuyambira pa The Story of the Kelly Gang, yomwe inaonetsedwa kuno ku Melbourne pa 26 Disembala 1906 ndipo ambiri amaiwerenga ngati filimu yaitali yoyamba padziko lonse. Ndinalemba masamba anayi. Nditawawerenga ndinaona kuti mulibe changa, ndangosamutsa za m'mabuku. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ndasankha munthu mmodzi ndi mafilimu asanu ndi awiri: Walkabout ya 1971, Storm Boy ya 1976, Crocodile Dundee ya 1986, Rabbit-Proof Fence ndi The Tracker zonse za 2002, Ten Canoes ya 2006, ndi Charlie's Country ya 2013.

Kagwiridwe kake ndi aka. Filimu iliyonse ndiionera kawiri, koyamba manja ali lende, kachiwiri ndi cholembera. Ndemanga za anthu ena ndiziwerenga pambuyo pake, kuopa kuti ndingamaone ndi maso obwereka.

17 Febuluwale

Walkabout ndaionera katatu, osati kawiri.

Nicolas Roeg, Mngelezi, anamupeza Gulpilil ku Maningrida ku Arnhem Land, kumpoto kwa Australia, ali ndi zaka pafupifupi 16, ali kale katswiri wovina pakati pa anthu a kwawo. Pa mndandanda wa mayina a mufilimuyi dzina lake analilemba molakwika, Gumpilil, ndipo munthu amene akumusewerayo alibe dzina, amangotchulidwa ndi khungu lake. Zimenezi olemba ambiri anazinena kale. Chimene chandigwira mtima ine ndi gawo la madzi. Ana awiri achizungu atsala pang'ono kufa ndi ludzu pambali pa dziwe louma. Mtsikana akulankhula Chingelezi chake mokweza, kubwerezabwereza, ngati kuti kukweza mawu ndiko kumasulira. Mlongo wake wamng'ono akuloza kukamwa kwake n'kuchita phokoso la munthu akumeza madzi. Pomwepo mnyamata uja akuseka, n'kuzika bango m'nthaka, madzi n'kukwera.

Kuseka kumeneko ndakubwereza kambirimbiri. Kukuyambira m'maso, kenako mapewa, ndipo kukubwera pa nthawi yake yeniyeni, atadikira kaye kuti mwanayo amalize. Munthu wongoimikidwa patsogolo pa kamera saseka choncho. Uyu akudziwa kuti akuonedwa ndipo akudziwa chimene akufuna kuti tione.

Zonse zimene mnyamatayu akulankhula mufilimu muno sizinamasuliridwe m'munsi. Ndakumbukira nyumba za vidiyo za kwathu ku Malawi, momwe womasulira amalowetsa Chichewa pamwamba pa mawu a filimu. Akanakhala ndi filimu iyi akanamasulira bwinobwino za ana achizungu aja, koma pofika pa mnyamatayu akanangopeka za m'mutu mwake. Ndikuganiza kuti olemba ndemanga ambiri anachita chimodzimodzi, kungoti iwo anapeka ndi mawu apamwamba. Mfundo imeneyi ikhala poyambira nkhani yanga. Mawu olembedwa mpaka pano: 900.

2 Malichi

Masiku awiri ku State Library Victoria, kuwerenga magazini akale a Cinema Papers ndi mabuku atatu. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake za mnyamata uja zinkadutsidwa mofulumira.

Olemba a nthawi imeneyo anali ndi nkhawa yawo ina. Kwa zaka zambiri m'makanema a ku Australia munkadzaza mafilimu a ku America ndi ku Britain, ndipo opangidwa konkuno ankachita kuwerengeka. Kale mu 1950 A. A. Phillips anali atalemba m'magazini ya Meanjin za mtima wodziderera wa anthu a kuno, woona ngati chilichonse chabwino chimachokera ku London. Boma la John Gorton litakhazikitsa Australian Film Development Corporation mu 1970, kenako kubwera sukulu ya za mafilimu mu 1973 ndi Australian Film Commission mu 1975, funso la aliyense linali limodzi: kodi tili ndi mafilimu athuathu? Choncho Walkabout ndi Wake in Fright zitatuluka mu 1971, zonse ziwiri n'kupita ku chikondwerero chachikulu cha mafilimu cha ku Cannes ku France, mkangano unali woti kodi filimu yotsogoleredwa ndi Mngelezi Roeg kapena Ted Kotcheff wa ku Canada ndi ya Australia. Ankakangana za pasipoti ya munthu wa kuseri kwa kamera, pamene patsogolo pa kamerayo panali mwana amene makolo ake akhala pa nthaka imeneyi zaka masauzande makumimakumi.

Sindikufuna kuwanyoza anthu amenewa. David Stratton, yemwe anatsogolera Sydney Film Festival kuyambira 1966 mpaka 1983, analimbana kwambiri ndi odula mafilimu a boma, ndipo buku lake la 1980, The Last New Wave, ndi nkhokwe ya zinthu zimene bwenzi zitaiwalika. Susan Dermody ndi Elizabeth Jacka anandithandiza kuona mtundu wa mafilimu amene ndalama za boma zinkakonda m'zaka za m'ma 1970: nkhani za kale zotengedwa m'mabuku, zovala zokongola, kuwala kofewa, monga Picnic at Hanging Rock ya Peter Weir ya 1975. M'mafilimu otere thengo limakhala chinthu choopsa ndi chosamvetseka, chomeza atsikana a sukulu. Mzungu akasowa pamalo, malowo amasanduka chinsinsi. Funso loti eni malowo anapita kuti silifunsidwa.

5 Malichi

Storm Boy ndi Crocodile Dundee ndaziphatikiza m'ndime ziwiri basi. Mu Crocodile Dundee muli nthabwala imodzi yabwino kwambiri, ya kamera yosatsegulidwa chivindikiro, ndipo imaseketsa chifukwa cha mmene Gulpilil akusungira nkhope yake osagwedezeka. Kupatula apo palibe choti n'kukhalitsapo.

23 Malichi

Ntchito inaima masabata awiri chifukwa ndinali pa shifiti ya usiku. Dzulo ndinaonera The Tracker pamodzi ndi akunyumba, ndipo pachitika chinthu chimene chasintha kalembedwe konse.

Filimuyi ndi ya Rolf de Heer, nkhani yake ikuchitika mu 1922. Azungu atatu pa mahatchi akusaka Mwaaborijini amene akumunenera kuti anapha mkazi wachizungu, ndipo wowalondolera mapazi, amene Gulpilil akumusewera, akuyenda pansi patsogolo pawo, nthawi ina ali ndi unyolo m'khosi. Pakachitika kupha, de Heer satisonyeza magazi, amaika chithunzi chopenta cha Peter Coad, ife n'kumangomva mfuti ndi kulira. Nyimbo akuimba ndi Archie Roach. Olemba ndemanga anakamba zambiri za zithunzi zimenezi, ena kuyamikira, ena kunena kuti zikubisa nkhanza. Ine ndili mbali ya oyamikira, chifukwa zimakukakamiza kumva ndi makutu zimene maso akanazolowera msanga.

Itatha, ndinawawerengera akunyumba ndime yanga yoyamba. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Abambo, munthu wamkulu ngati ameneyu, komanso anatisiya, inu mukuti iye? Ndi mnzanu wosewera naye?"

Ndinayankha kuti m'ndemanga za mafilimu amalemba choncho, dzina lokha basi. Iwo anati, "Amalemba choncho m'Chingelezi. Inu mukulembera ndani?"

Ndagona nalo funsoli. Chingelezi chimalola wolemba kubisala, chifukwa mneni ndi mmodzimodzi kaya ukunena za mwana kaya za gogo. Chichewa sichilola. Chiganizo chilichonse chimaulula ngati munthuyo ukumupatsa ulemu kapena ayi. Ndinatengera kalembedwe ka eni ndemanga osaona kuti m'chilankhulo chathu kakutanthauza chinthu china, ndipo ndi chinthu chomwecho chimene ndikuwadzudzulira iwowo. Kuyambira lero ndi a Gulpilil. Ndibwerera m'mbuyo kukonza mawu onse 2,600. Anthu a m'nkhani amene ankawasewera, monga mnyamata wa mu Walkabout, akhalabe iye, ndipo kusiyana kumeneku kundithandiza: owerenga aziona okha pamene ndikunena za munthu wa m'nkhani ndi pamene ndikunena za mmisiri amene akumuumba.

13 Epulo

Gawo la 2002 latha, ndipo ndi limene ndalikonda kuposa onse. Chaka chimodzi, mafilimu awiri, ntchito imodzi ya wolondola mapazi, koma a Gulpilil anaisewera m'njira ziwiri zosiyana kotheratu.

Mu The Tracker amalankhula kwambiri, kuvomera bwana pa chilichonse, kuseka nthabwala za bwanayo mopitirira muyeso. Woonera wosachenjera angaganize kuti ndi munthu wogonja. Koma taonani pamene wamng'ono mwa azungu atatu aja akukayikira kuti palibe chimene akulondola, akungowasocheretsa. Wolondolayo akuwerama, n'kumusonyeza kamwala kamodzi kamene kasuntha pamalo pake pakati pa miyala yosawerengeka. A Gulpilil sakusewera gawoli monyada. Akulisewera mopepuka, ngati mphunzitsi wotopa ndi mwana wochedwa kumva, ndipo kuyambira pamenepo umadziwa kuti amene akutsogolera ulendowu si wa pa hatchi. Munthu wotereyu ife timamudziwa. M'nthawi ya atsamunda kwathu kunali akapitawo ndi amesenjala a boma amene ankati inde bwana pakamwa, mumtima ali ndi mlandu wawo umene akuusunga. Ndaikamo chiganizo chimodzi chokha cha zimenezi, chifukwa mbiri ya Aaborijini ndi yawo ndipo sindikufuna kuiphimba ndi yathu. Iyi inali filimu yoyamba imene a Gulpilil anapatsidwa udindo waukulu, patatha zaka 31 chionekereni mu Walkabout, ndipo analandira nayo mphoto ya Australian Film Institute ya wosewera wamwamuna wopambana.

Mu Rabbit-Proof Fence ya Phillip Noyce salankhula pafupifupi konse. Nkhaniyi inachokera m'buku la Doris Pilkington Garimara lonena za amayi ake: mu 1931 atsikana atatu, Molly, Daisy ndi Gracie, anachotsedwa kwa makolo awo ku Jigalong n'kupititsidwa ku Moore River, ndipo anathawa n'kuyamba kubwerera kwawo wapansi motsatira mpanda wa waya wotchinga akalulu, ulendo wa masabata 9. Moodoo, amene a Gulpilil akumusewera, watumidwa kukawagwira, koma mwana wake yemwe ali m'manja mwa boma lomwelo ku Moore River. Pali pamene akuyang'ana pansi, n'kuzindikira njira imene Molly wasokonezera mapazi, ndipo pakamwa pakungogwedezeka pang'ono. Kodi waona n'kusankha kusaona? Filimuyi siyankha. Yankho lili pankhope pokha, kwa masekondi ochepa.

Filimuyi itatuluka, zolembedwa zambiri zinapita ku mkangano wa mbiri. Lipoti la Bringing Them Home la 1997 linali litaulula za ana a Aaborijini amene boma linkalanda kwa makolo awo, boma la John Howard linkakana kupepesa, ndipo olemba ngati Keith Windschuttle ndi Andrew Bolt ankatsutsa kuti nkhaniyi inachitika momwe yaonetsedwera. Kupepesa kunadzabwera pa 13 Febuluwale 2008 kuchokera kwa Kevin Rudd, nduna yaikulu ya nthawi imeneyo. Mkanganowo unali wofunika, sindikukana. Koma mu 1971 a Gulpilil anabisika kuseri kwa funso la dziko, ndipo mu 2002 anatsala pang'ono kubisikanso kuseri kwa funso la ndale. Ine ndikufuna kulemba za nkhope ija.

Mawu: 4,700.

20 Epulo

Ndawerenga kawiri nkhani yaitali ya 1993 ya Marcia Langton, katswiri wa maphunziro yemwe ndi Mwaaborijini, imene analembera Australian Film Commission. Ndinayenera kuyamba ndi imeneyi. Akunena kuti anthu ambiri a ku Australia sadziwana ndi Aaborijini maso ndi maso, amadziwana ndi nkhani zimene atsamunda anasiya zonena za iwo. Akukananso maganizo akuti filimu imakhala yoona chifukwa chongoti wapanga ndi Mwaaborijini. Mfundo yachiwiriyi yandidzudzula, chifukwa ndinali nditalemba ndime yonena ngati kuti mavuto onse anatha Warwick Thornton, Mwaaborijini, atalandira mphoto ya Caméra d'Or ku Cannes mu 2009 ndi Samson and Delilah. Ndaichotsa. Yandikumbutsanso kuti khungu langa lakuda silindipatsa chilolezo cholankhulira anthu a mtundu wa Yolngu. Ndine mlendo kuno, wobwera pa ndege, wokhala pa nthaka imene inalandidwa.

Langton yemweyo anasewera mu Night Cries ya Tracey Moffatt, kafilimu kakafupi koyankha Jedda ya Charles Chauvel ya 1955. Pamenepa pali nkhani ina yonse, ya filimu imene ikugwira ntchito ya ndemanga pa filimu inzake. Ndailemba pa pepala lapadera kuti ndidzaione ntchito ino ikatha.

4 Meyi

Ten Canoes yandivuta kulemba chifukwa ndaikonda kwambiri, ndipo ndime zanga zoyamba zinali kuyamikira kokhakokha.

A Gulpilil saoneka mufilimuyi, timangomva mawu awo akusimba. Amayamba ndi mawu otsegulira nthano za azungu, n'kuphulika kuseka, n'kunena kuti nkhani yawo si yotero, ndi yawo ndipo iyenda m'njira yawo. Aliyense amene anakulira pa "padangotero" ndi "tili tonse" amva msanga chimene chikuchitika: wosimba akugwira omvera ake, akuwaseka chifukwa chofulumira, akuwauza kuti adikire nkhani ikule nthambi zake. Filimuyi inajambulidwa m'dambo lalikulu la Arafura pafupi ndi Ramingining, de Heer akutsogolera limodzi ndi Peter Djigirr, ndipo osewera onse amalankhula zilankhulo za Yolngu. Inayambira pa chithunzi chimene Donald Thomson anajambula m'zaka za m'ma 1930, cha amuna khumi m'mabwato a makungwa pa ulendo wokatola mazira a atsekwe, ndipo ndi a Gulpilil amene anamusonyeza de Heer chithunzicho. Mwana wawo Jamie ndiye akusewera mnyamata amene akusirira mkazi wamng'ono wa mkulu wake. Nthawi ya mabwato ikuoneka yopanda mitundu monga chithunzi cha Thomson, pamene nthawi ya makolo akalekale, imene mkuluyo akusimbira mng'ono wake pomulangiza, ndiyo ili ndi mitundu yonse. Chakale kwambiri ndicho chowala kwambiri.

Ndime imene ndasunga ndi yonena za kuseka. Amuna a mufilimuyi amanyozana, amakamba za kuphwisa, za ulesi, za kukonda uchi. Ndemanga zingapo zimene ndawerenga zinadabwa ndi nthabwala zimenezi, ndipo kudabwako kukuulula chimene olembawo ankayembekezera. Kuseka kwa pa dziwe louma kwa 1971 ndi kuseka kwa wosimba kwa 2006 ndi kumodzi. Kusiyana kwake ndi kwakuti tsopano mwini kuseka ndiye wagwira nkhani.

Liwu limodzi likundisowetsa mtendere. Aaborijini akamalankhula Chingelezi chawo ali ndi liwu lonena za nthaka ya makolo, lomwe limaphatikiza malo, mizimu, nyimbo, malamulo ndi ubale, ndipo ndi liwu la Country, lomwe lili m'dzina la Charlie's Country. "Dziko" likumveka ngati la boma ndi mbendera. "Malo" likuchepa. Pakadali pano ndalemba "kwawo", chifukwa munthu akati ndikupita kwathu sanena za minda yokha, amanenanso za manda ndi anthu. Ndiliyesa pa owerenga awiri ndione ngati likugwira.

18 Meyi

Gawo lovuta kuposa onse. Charlie's Country inabadwira m'ndende. Mu 2011 a Gulpilil anaweruzidwa kukakhala m'ndende chifukwa chomenya akazi awo mpaka kuwathyola mkono, ali chiledzerere. De Heer anapita kukawaona ku Darwin, ndipo filimuyi anailemba awiriwo. Ikunena za mkulu wa ku Arnhem Land m'nthawi ya malamulo okhwima amene boma linaika ku Northern Territory mu 2007. Apolisi akumulanda mfuti, kenako mkondo umene wasema yekha, ndipo iye akusunga chithunzi cha tsiku limene anavina pamaso pa Mfumukazi potsegulira Sydney Opera House mu 1973, zomwe a Gulpilil anachitadi. Pali gawo la kumeta: kamera ikuima malo amodzi, tsitsi ndi ndevu zikugwa, ndipo nkhope imene taidziwa kwa zaka 42 ikusanduka ya munthu wina ife tikuona. Ku Cannes mu 2014 analandira mphoto ya wosewera wopambana m'chigawo cha Un Certain Regard.

Ndinalemba gawoli koyamba osatchula mlandu uja. Ndinadziuza kuti nkhani yanga ndi ya luso. Koma mufilimuyi Charlie akumangidwa chifukwa chophwanya galasi la galimoto ya polisi, osati chifukwa chomenya mkazi, ndipo wolemba woona mtima ayenera kunena kuti pamenepa nkhani inapatuka pa zenizeni. Ndikakhala chete ndiye kuti ndachita kwa mayi uja zimene ndikudandaula kuti ena anachita kwa a Gulpilil, kumuchotsa pa chithunzi. Ndalemba ziganizo zinayi, zachindunji, zopanda kuchepetsa. Ndinaopa kuti ulemu wa "a" ndi "iwo" ufewetsa mlanduwo. Nditawerenga mokweza ndamva kuti ukuulemeretsa, chifukwa m'Chichewa kunena kuti bambo aakulu anamenya akazi awo ndi mawu olemera kuposa kunena za mnyamata wosaganiza.

Mawu: 7,400.

1 Juni

Kwayamba kuzizira ndipo zolemba zoyamba zatha, mawu 8,300. Ndazipereka kwa anthu awiri, mmodzi wodziwa mafilimu koma Chichewa chake ndi cha m'tauni, wina mphunzitsi wopuma wa Chichewa amene sanaonerepo filimu ngakhale imodzi mwa zimenezi. Wachiwiriyu ndiye ndikumudikira kwambiri. Ngati angaone kamwala kaja ndi nkhope ya Moodoo kudzera m'mawu anga okha, ndiye kuti ntchito yagwirika.

Chatsala ndi nkhani ya dzina. A Gulpilil anamwalira pa 29 Novembala 2021 ku Murray Bridge ku South Australia, atadwala khansa ya m'mapapo kuyambira 2017, kutali kwambiri ndi kwawo. Pa mwambo wa Yolngu dzina la womwalira silitchulidwa kwa kanthawi, ndipo achibale anapempha kuti m'masiku oyambawo azitchedwa David Dalaithngu. Pambuyo pake analola kuti dzina limene ankagwirira ntchito ligwiritsidwenso, mogwirizana ndi kufuna kwa malemuwo, amene chaka chomwecho anaonekera mufilimu ya Molly Reynolds yonena za moyo wawo, My Name Is Gulpilil. Choncho dzinalo ndilisunga. Pamwamba pa nkhani ndiika chenjezo ngati limene ma TV a kuno amaika, lodziwitsa Aaborijini ndi anthu a ku Torres Strait kuti muli mayina a anthu omwalira, ndipo ndililemba m'Chichewa ndi m'Chingelezi.

Sabata yamawa ndionera My Name Is Gulpilil, imene ndinaisiya dala mpaka nditamaliza kulemba zanga, kenako ndikonza ndime ya "kwawo" malinga ndi zimene aphunzitsi aja anene.